Mwala umaola: yankho kwa bambo okumba chitsime ku Mulanje

Bambo wina wa kufupi ndi Likhubula anandilembera imelo. Akuti pokumba chitsime anafika pa mwala wooneka ngati wa m'phiri, koma akaufinya m'manja ukungofumbutuka ngati chigumu chouma. Akufunsa kuti kodi mwala umaola? Nanga bwanji dothi lapamwamba ndi lofiira pomwe phirilo ndi lotuwa?

Eya bambo, umaola ndithu, ndipo chimauoletsa ndi madzi.

Phiri la Mulanje linali chiphalaphala chamoto chomwe chinazizira pansi pa nthaka zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, n'kusanduka miyala ya syenite ndi granite. Miyala yomwe inalikwirira inakokoloka pang'onopang'ono, phirilo n'kutsala poyera, nsonga yake ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Thanthwe likatulidwa mtolo wolemera chonchi limafufuma pang'ono n'kumasendeka ngati anyezi, n'chifukwa chake khoma la nsonga ina ya phirili, ya Chambe, lili see. Ming'alu imeneyi ndiyo khomo lolowera madzi.

Tsono tolani kachidutswa kolimba, mukatsuke, mukayang'anitsitse padzuwa. Muona timibulu tamitundu itatu. Tambiri ndi totuwa, dzina lake feldspar. Tina n'takuda, muli chitsulo. Pena mupezanso tonyezimira ngati galasi, ndiye quartz.

Madzi a mvula akamalowa m'nthaka amatenga mpweya wa carbon dioxide, makamaka wochokera ku mizu ndi masamba oola, n'kukhala kaasidi kofooka kwambiri. Lilime silingakamve. Koma kakakhala m'mng'alu zaka zikwizikwi, kamasungunula michere ya potassium ndi sodium ya mu feldspar, madzi n'kupita nazo, chotsala n'kukhala dongo loyera lotchedwa kaolin. Timibulu takuda tija timachita dzimbiri monga khasu logona pamvula, ndipo dzimbiri lochepa chabe limakwana kufiiritsa dothi lonse. Katondo ndi ameneyo. Quartz yekha ndi wamakani, sasungunuka msanga. Ndiye mchenga womwe mumawola mumtsinje pomanga nyumba.

Mwala wanu uja uli pakati pa ulendowu. Maonekedwe akadali a thanthwe chifukwa sunasunthe pamalo pake, koma zomwe zinkaugwirizitsa zinadyeka.

Pamwamba pa phiri, ku Lichenya, nkhaniyi inapitirira. Mvula ya kumeneko ndi yochuluka ndipo madzi sadikha, moti anatsuka ngakhale silica wa m'dongomo (chinthu chomwenso chimapanga quartz), n'kutsala dothi lokhala ndi aluminium wambiri. Dothi limeneli ndiye bauxite, amene katswiri wa miyala Frank Dixey anapeza mu 1924. Ine zimandichititsa nthumanzi kuti chinthu chomwe mvula inasefa kwa nthawi yaitali chonchi anthu amakambirana zochikumba ngati mulu wa mchenga, osaganiza za mitsinje yomwe imayambira pomwepo.

Koma bambo, chomwe chandidetsa nkhawa ndi chitsime chanucho. Mwala woolawu umasunga madzi, ndiye mwina mwayandikira. Vuto lake sugwira. Ukanyowa umalemera n'kuterereka pamwamba pa thanthwe lolimba, monga zinachitikira m'mapiri pa napolo wa ku Phalombe mu 1991 ndiponso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. M'chitsime zimachitika chimodzimodzi, munthu ali pansi. Chonde musatsikenso musanamange njerwa kapena kuika mikombero ya simenti m'mbali, ndipo mvula ikayamba, kukumba kudikire chilimwe.