Galu Wathazi Akayamba Kutaya Magazi

Funso: Galu wanga wathazi wayamba kutaya magazi, koma akuluma amphongo akamuyandikira. Kodi ndimukweretse liti?

Yankho: Musafulumire. M'masiku oyambawa, amene kawirikawiri amakhala pafupifupi 9, homoni ya estrogen ndi imene imachuluka, ndipo imatupitsa kumaliseche kwake, koma mazira amakhala asanatuluke. Estrogen ikayamba kutsika, homoni ina yotchedwa LH, imene imachititsa kuti mazira atuluke, imakwera mwadzidzidzi, galuyo amayamba kulola mphongo, ndipo pakapita masiku 2 mazira amatuluka, ngakhale kuti amafunikanso masiku 2 kapena 3 kuti akhwime. Khomo la chiberekero, lomwe limatseguka panthawiyi, limatsekekanso patatha pafupifupi sabata LH itakwera. Popeza agalu amasiyana kwambiri, musadalire kuwerenga masiku kokha. Pemphani dokotala wa ziweto kuti ayeze homoni ya progesterone m'magazi a galuyo, kuti mudziwe nthawi yoyenera kumukweretsa.