Kodi kuyenda ndawala kumatseguladi mitsempha ya magazi?

Mayi wina wa ku Chinamwali wanditumizira imelo. Amamwa amlodipine chifukwa cha BP, ndipo anamwino anawauza kuti aziyenda ndawala popeza kumatsegula mitsempha. Akufunsa ngati zimenezi n'zoona kapena kunali kungowalimbitsa mtima.

N'zoona, mayi. Mkati mwa mtsempha uliwonse mwayalidwa kachikopa kopyapyala ka maselo, kotchedwa endothelium. Kale anthu ankangokayesa chofunda. Mu 1980, Robert Furchgott ndi John Zawadzki anaona kuti mtsempha wa kalulu ukapalidwa kachikopaka, umaleka kumasuka ngakhale authire mankhwala amene ankaumasula. Kenaka zinadziwika kuti maselowa amatulutsa mpweya wa nitric oxide, umene umamasula mtsempha, ndipo mu 1998 Furchgott, Louis Ignarro ndi Ferid Murad analandira mphoto ya Nobel.

Gawo limene limandisangalatsa kwambiri ndi la timakomo ta pa maselo, tolowetsa kapena kutulutsa michere monga kashiamu ndi potaziyamu. Mukamakwera msewu wa ku Ku Chawe, magazi amathamanga n'kumakhula khoma la mtsempha. Kukhulako kumatsegula timakomo tina pa maselo aja, monga Piezo1 ndi TRPV4, ndipo kashiamu amalowa. Kashiamuyo amachititsa kuti nitric oxide apangidwe, komanso amatsegula timakomo tina, SK ndi IK, totulutsa potaziyamu. Potaziyamu akatuluka, mphamvu ya magetsi ya selo imasintha. Kusinthako kumadutsa m'timipata tolumikiza maselo mpaka kufika ku minofu yokulunga mtsempha. Kumeneko timakomo ta kashiamu timatsekeka, minofu imalekerera, mtsempha n'kukula. M'timitsempha ting'onoting'ono, momwe BP imadalira kwambiri, njira ya potaziyamuyi ndi yamphamvu zedi. Ndipo kukula pang'ono kumakwana: m'lifupi mukawirikiza kawiri, magazi odutsa akhoza kuchuluka ka 16.

Fodya, shuga wokwera ndi BP yosasamalidwa zimafooketsa kachikopaka, pamene kuyenda kawirikawiri kumakalimbitsa. Ndiye anamwino aja sanakunamizeni.

Koma chonde, musasiye mankhwala poti mwayamba kuyenda. Amlodipine sadikira uthenga wochokera ku endothelium. Amapita ku minofu n'kukatseka yekha timakomo ta kashiamu tija, n'chifukwa chake amathandiza ngakhale kachikopa katafooka. Ena akamamwa amatupa akakolo, chifukwa timitsempha tikakula, madzi amatayikira m'mapazi. Zikakuchitikirani, kawauzeni a dokotala ku chipatala chanu kapena ku Zomba Central kuti aone zochepetsa mlingo kapena kusintha mankhwala.