Musanafunse mtengo wa hediseti ya VR, onani kaye zomwe muli nazo kale

Achimwene, mwati mukufuna hediseti ya VR (virtual reality, chida chovala kumaso chokuonetsani ngati muli m'kati mwa gemu) yosewerera magemu koma mitengo yakubalalitsani, ina ikuyambira pa madola 299 pomwe ina ikukafika pa 3,499, ndiye mukufunsa ngati yodulayo ndiye yabwino. Mundipirire, nditalikitsa pang'ono, chifukwa ineyo ndinatayapo ndalama pa nkhani yomweyi.

Ya 3,499 ija ndi Apple Vision Pro, inatuluka mu Febuluwale 2024. Imeneyo ingoichotsani m'maganizo. Sikirini yake ndi yokongola zedi, palibe akutsutsa, koma imabwera yopanda makontirola ogwira m'manja, mumailamula ndi maso ndi zala. Magemu ambiri a VR amafuna kuti m'manja mukhale chinthu chogwira, chowombera, chomenyera. Pa magemu, ndalama zonsezo simuona kumene zalowera.

Tsono chimene chimasiyanitsa mitengo ya zotsalazo ndi ichi: kodi gemuyo ikuyendera kuti? Mahediseti ena ndi sikirini chabe yovala kumaso, ubongo wake uli kwina. Oculus Rift itatuluka mu 2016 inali madola 599, HTC Vive 799, ndipo anthu ankaona ngati mtengo ndi womwewo, mpaka atazindikira kuti pakufunikanso kompyuta yamphamvu imene kawirikawiri inkadula kuposa hedisetiyo. Valve Index ya 2019 inali 999 yonse pamodzi ndi timabokosi toika m'makona a chipinda kuti tizikuonani pomwe mwaima, koma popanda kompyuta imangokhala chokongoletsa pa tebulo. PlayStation VR2 nayo inabwera mu Febuluwale 2023 pa madola 549, kuposa PS5 yeniyeniyo, konsolo ya Sony imene mumailumikizako, yomwe inatuluka pa 499, ndipo anthu anadandaula kwambiri. Sony inadzatsitsa kufika 399 mu Malichi 2025. Ngati PS5 muli nayo kale, 399 ndi mtengo wabwino pa chinthu chokhala ndi sikirini ya OLED komanso chotsata kumene maso anu akuyang'ana. Ngati mulibe, phatikizani mitengo iwiriyo musanasangalale. Ndipo musamadalire magemu a PlayStation VR yoyamba ija, sayenda pa yachiwiriyi.

Za 299 mukuzionazo ndi za Meta, kampani ya Facebook, imene inagula Oculus, opanga Rift ija, mu 2014 pa madola pafupifupi 2 biliyoni. Hediseti yawo yotchedwa Quest ili ndi purosesa, batire ndi makamera m'kati mwake, siifuna kompyuta kapena konsolo. Mwina mukudabwa kuti chinthu chodzaza choncho chitchipa bwanji kuposa chimene chili sikirini yokha. Yankho lake ndi lakuti mtengowo ndi nyambo. Nthambi ya Meta yopanga zimenezi, Reality Labs, inaluza madola 13.7 biliyoni mu 2022 ndi 16.1 biliyoni mu 2023. Zambiri mwa ndalamazo zimapita ku kafukufuku, koma zikukuonetsani kuti kampaniyi siikudalira phindu la pa hediseti. Akufuna mulowe kaye m'khola mwawo, kenako pa gemu iliyonse imene mugule mu sitolo yawo ya pa intaneti amadulapo 30 peresenti. Kwa inu wogula si zoipa ayi, mukupeza chida chabwino pa mtengo wozizira. Kungoti mwini nyambo amasintha mtengo mmene wafunira. Quest 2 inatuluka pa 299 mu Okutobala 2020, mu Ogasiti 2022 anaikweza kufika 399 chinthu chake chomwecho, kenako mu 2023 n'kuibwezanso pa 299.

Pamene ambiri amakakamira ndi pakati pa Quest 3S ndi Quest 3. Yoyambayo inatuluka mu Okutobala 2024 pa 299, inayo mu Okutobala 2023 pa 499. Purosesa ndi imodzi, Snapdragon XR2 Gen 2, choncho gemu imene iyenda pa ina iyendanso pa inzake. Ndalama zowonjezerazo mukulipira makamaka malenzi. Quest 3S ili ndi malenzi akale a Fresnel, aja okhala ndi timizere tozungulira ngati mkati mwa anyezi wodula. Mukayang'ana pakatikati zonse zili mbee, koma mukangoponya diso m'mbali zilembo zimachita chimbuuzi, ndiye mumayamba kutembenuza mutu wonse ngati kadzidzi kuti muwerenge kanthu. Pakaoneka chinthu chowala pamalo a mdima, kuwalako kumamwazika. Quest 3 ili ndi malenzi otchedwa pancake, opyapyala, ooneka bwino mpaka m'mphepete. Ine nditavala ya pancake koyamba ndinakhala mphindi zingapo ndikungowerenga menyu ndi kona ya diso, osayamba n'komwe gemu. Koma kunena zoona, mukakhala m'kati mwa gemu ya Beat Saber mabokosi akukuthamangirani, za m'mbalizo simuzikumbukira. Munthu amene sanavalepo ya pancake sasowa chimene sanachione, ndiye ngati ndi hediseti yanu yoyamba, 3S siikukhumudwitsani.

Walira mvula walira matope, ndipo matope a VR ali m'tinthu ting'onoting'ono. Lamba wansalu amene amabwera ndi mahediseti otchipa amasiya kulemera konse pa masaya ndi pachipumi, pakatha theka la ola mumavula muli ndi chidindo chofiira kumaso, ndiye pafupifupi aliyense amakagula lamba wolimba. Batire limatha pa maola awiri kapena kuposerapo pang'ono. Ovala magalasi a maso ambiri amagula malenzi apadera omatika m'kati, poopa kuti magalasi awo angakande a hediseti. Kenako magemu enieniwo: Beat Saber ndi madola 30, nyimbo zina zogula padera. Half-Life: Alyx, imene anthu ambiri amagulira VR, ndi madola 60 ndipo imayenda pa kompyuta pokha. Quest mukhoza kuilumikiza ku kompyuta ndi chingwe kapena Wi-Fi n'kuisewera, koma apo mwabwereranso ku funso la kompyuta lija. Ine ndimati pa mtengo wa pakatoni onjezanipo madola 100 kapena 150 m'mutu mwanu, ndiye muone ngati thumba likulolabe.

Za kugula yogwiritsidwapo kale ntchito, n'zotheka, koma tsegulani maso. Yatsani, muike chithunzi choyera, muyang'ane ngati pali kadontho kakuda kapena kachikasu kosasuntha. Malenzi amenewa akakumana ndi dzuwa amasonkhanitsa kuwala pamalo amodzi n'kuwotcha sikirini. Yanga yoyamba ndinaisiya pampando pafupi ndi zenera, malenzi atapenya kumwamba, ndikubwera masana ndinapeza kachipsera kooneka ngati nsawawa kumanzere, ndipo sikanachokenso. Yesaninso timitengo ta pa makontirola, tikatopa munthu wanu mu gemu amayamba kuyenda yekha inu musanakhudze. Mukaona mahediseti a Windows Mixed Reality, monga HP Reverb G2, akugulitsidwa motchipa modabwitsa, dziwani kuti Microsoft inachotsa pulogalamu yake mu Windows 11 24H2, n'chifukwa chake eni ake akuwataya.

China chimene sichilembedwa pa mtengo ndi chizungulire. Anthu ena akangoyenda mu gemu thupi lili chiimire, mseru umawagwira pasanathe mphindi khumi. Ambiri amazolowera, ena ayi. Ngati pali mnzanu amene ali nayo, mubwerekeni kwa ola limodzi, musewere gemu yoyenda ndi kamtengo ka pa kontirola osati yongoima malo amodzi.

Ndiye kwa inuyo: ngati mulibe PS5 kapena kompyuta ya magemu, tengani Quest 3S ya 128GB, yotsalayo mugulire lamba ndi magemu awiri atatu. Ngati simuli pachangu dikirani kumapeto kwa Novembala, nthawi ya Black Friday, pamene mitengo imatsikako kapena amaphatikizapo gemu yaulere. Koma ngati kompyuta muli nayo, lembani pansipa dzina la graphics card yake (chipangizo choyendetsa zithunzi za magemu), chifukwa yankho langa likhoza kusintha.