Voisi ya msuweni: za zionetsero zija

Halo... ikujambula? Eya. Asuweni, uthenga wako ndauona, koma zimenezi sizolemba ndi chala, upirire voisi yaitali. Wafunsa kuti kodi zionetsero za anthu ogwira ntchito m'boma zoteteza yuniyoni zimaphula kanthu, kapena n'kungotha nsapato pamsewu. Mmm. Iwe ndakudziwa uli ndi mamina, sukufunsa za nsapato ayi. Kuntchito kwanu ayitanitsa msonkhano wa yuniyoni, wamva kuti abwana akulemba maina a amene apiteko, ndiye ukufuna wina mugulupu muno akuuze kuti n'zopanda ntchito izo khala pakhomo, kuti ugone tulo tabwino. Ndanama? Ndikuona ukutaipa, tasiya kaye.

Chabwino, poti wafunsa za pamsewu. Ku America, ku Wisconsin, mu February 2011, bwanamkubwa wawo Scott Walker anabweretsa lamulo lochepetsa mphamvu za mayuniyoni a antchito a boma, amalitcha Act 10. Anthu anakwiya zedi, aphunzitsi, manesi, ophunzira, mpaka kumagona m'nyumba ya malamulo ku Madison masabata angapo, tsiku lina panja panasonkhana anthu pafupifupi 100,000, kukuzizira koopsa. Maseneta 14 otsutsa anathawira ku Illinois kuti chiwerengero chisakwane, voti isachitike. Ozimitsa moto lamulolo silinkawakhudza, iwo ndi apolisi anawapatula, koma anabwerabe kudzaguba ndi anzawo. Ndiye mathero ake? Lamulo linadutsa basi, mu March analisaina. Anthu anatolera masiginecha oposa 900,000 kuti chisankho chibwerezedwe amuchotse Walker, mu June 2012 anavota, munthu uja anawinanso. Ha! Ndikudziwa wamwetulira pamenepo, ukuti si ndimanena. Dikira, sindinamalize.

Uone zimene lamulolo linagwira. Kuguba silinaletse. Linati ndalama ya umembala isamadulidwenso pamalipiro, aliyense azipereka yekha. Linati yuniyoni izikambirana za malipiro okha basi, nawonso osakwera kuposa mmene mitengo ya zinthu yakwerera. Kenako chija chopweteka, chaka chilichonse pazikhala voti yoti yuniyoni ipitirire, ndipo pafunika 51 peresenti ya antchito onse, osati ya amene avota okha, kutanthauza kuti amene wagona kunyumba tsiku la voti ndiye kuti wakana. Wamva? Wogona kunyumba wakana. Sindikunena munthu, ndikungonena.

Zimenezi zandikumbutsa amalume a njinga. Anti, mukumvera ndikudziwa, musalowerere, ndinena za kope zokha, za wailesi zija sindikhudzako. Amalume aja iwe umawadziwa atapuma kale, umangowaona ngati munthu wogona pampando pakamwa pali yasa, koma nthawi imene anali kuntchito ndi amene ankasunga kope la mamembala. Kope la chikuto cholimba, lakuda, lomanga ndi kalabala, cholembera chofiira m'thumba la shati mpaka inki kumathimbiriratu thumbalo, agogo ankalongolola tsiku lililonse pochapa. Munthu uja pagulu sankatha kulankhula, chibwibwi chija, akati ayambe mawu anthu atopa kale. Olankhula analipo wina, wa mawu okoma, akakwera patebulo mpaka tsitsi kukuyima. Amalume ntchito yawo inali kuzungulira basi. Amadziwa amene ali pa shifiti ya usiku, amene mwana wake wagonekedwa, amene ali ndi ngongole moti masiku atatu osalipidwa angamugwetse, amene akuti eya pakamwa koma maso akukana. Pa dzina lililonse amaika kachizindikiro, tiki, kadontho, kapena mtanda. Wa kadontho amamupitira kachiwiri, kachitatu, osamukakamiza, kungokhala naye pansi n'kumufunsa kuti chikukuopsa n'chiyani. Ndinkawaperekeza ine nditakwera pakeriyala, kumangodikira panja mpaka kuwodzera, iwo ali m'kati ndi munthu mmodzi, mmodzi yekha!

Tsiku la sitalaka litafika, wa mawu okoma uja anadwala mwadzidzidzi. Mutu akuti... ayi, m'mimba, eya m'mimba, amalume ankati m'mimba n'kumaseka mpaka kutsokomola. Patebulo panalibe wokwera. Koma anthu anabwera, pafupifupi onse a tiki ndi theka la a kadontho, anangokhala pansi pageti phee, abwana akuyang'ana pawindo kufuna mtsogoleri woti amuyitane muofesi, palibe amene akuoneka ngati mtsogoleri. Amalume ali kumbuyo uko atatsamira njinga, kope lili m'kati mwa jekete. Pambuyo pake inde, transifa ija inabwera, tonse tikudziwa mmene zinatithera chaka chimenecho, sindikubisira kuti n'zaulere. Koma kopelo sanapite nalo, anasiyira mayi wina wa kadontho, tangoganiza, wa kadontho, ndipo ndi amene anadzaliyendetsa zaka zambiri.

Eee ndafika patali. Ndimati chiyani... eya. Ku America komweko, West Virginia, 2018, kumene malamulo salola n'komwe antchito a boma kunyanyala, aphunzitsi anatseka masukulu m'maboma ang'onoang'ono onse 55, masiku 9 a sukulu, malipiro n'kuwakwezera ndi 5 peresenti. Zambiri zinayambira pa gulupu ya Facebook ndi kuvota sukulu ndi sukulu, ndipo asanatseke anakonzeratu chakudya cha ana amene amadalira kudya kusukulu, kuti makolo asawatembenukire. Ndipo ku Ohio lamulo lofanana ndi la Wisconsin lija anthu analigwetsa ndi voti mu November 2011. Ndiye usamangoloweza za amene anagonja okha.

Tsono mvera. Chionetsero chimangoonetsa zimene zinachitika kale mwakachetechete, ngati palibe amene anazungulira ndi kope, pamsewupo mukangojambulitsa zithunzi. Iwe sakukuitanira kumsewu, akukuitanira kumsonkhano. Pita. Koma usapite wekha, tenga anzako awiri a pa shifiti yako, aja umadya nawo. Msonkhano si sitalaka, makamaka inu a chipatala pa sitalaka pamakhala malamulo ake, ukafunse bwinobwino kumeneko, ukapemphenso malamulo a yuniyoniyo uwerenge. Mapangano a ILO, bungwe la dziko lonse loona zantchito, alipo, nambala 87 ya 1948 ndi 98 ya 1949, amati munthu asachotsedwe ntchito chifukwa cha yuniyoni, koma pepala palokha silikuperekeza kuofesi ya abwana, amakuperekeza ndi anthu.

Ukuti abwana akulemba maina? Alembe. Nanunso lembani anu, muone kope lalitali ndi la ndani. Mukakhala atatu pamndandanda wawo ndiye vuto, mukakhala makumi asanu ayamba ndi kuchotsa ndani, wodi atsala nayo ndani usiku?

Ndiye ndabwereza, poti iwe umamva kachitatu: upite, ndi anzako awiri, ndipo ukafunse kuti kope amasunga ndani. Akakati palibe, usayang'ane kumbali, kulemba kwako n'kooneka bwino kuposa tonse m'banja muno, ndi chokhacho chimene unatiposa. Batire yatsala 4 peresenti. Anti, za wailesi sindinanene, mwamva nokha.