Ndalama za senya ya pamsika zimapita kuti, nanga amagawa ndani?

Mayi ena amene amagulitsa kachewere ndi anyezi mumsika wa tauni ina kuno ku Tete anditumizira kalata pa imelo. Akuti tsiku lililonse amalipira senya, kapepala ka msonkho wa pamsika, koma msewu wolowera kubairo kwawo umaduka mvula ikangoyamba, ndipo akapita kukadandaula ku khonsolo amauzidwa kuti ntchitoyo mulibe mu bajeti. Akufuna kudziwa amene amalemba bajetiyo, nthawi imene imalembedwa, ndiponso ngati munthu wamba angathe kuikamo mawu ake.

Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Yankho limene amakupatsanilo limapweteka, koma kawirikawiri limakhala loona, chifukwa dandaulo lobwera mu Januwale, madzi atakokolola kale msewu, limapeza ndalama za chaka chimenecho zitagawidwa kale mu Disembala. Chaka cha ndalama za boma kuno ku Mozambique chimayamba pa 1 Januwale n'kutha pa 31 Disembala, ndipo khonsolo siloledwa kugwiritsa ntchito ndalama pa chinthu chimene sichinalembedwe m'ndondomeko yovomerezedwa. Bajeti ikhoza kukonzedwanso mkati mwa chaka, komabe zimenezi sizichitika wamba, ndipo kawirikawiri pamafunika kuti papezeke ntchito ina imene ilandidwe ndalama zake.

Makhonsolo odziyendetsa okha anayamba ndi chisankho cha 1998, ndipo panthawiyo analipo 33 m'dziko lonse, kuphatikizapo mzinda wa Tete ndi Moatize. Ulongué inalowa m'gululi mu 2008, Nhamayábuè mu 2013, Chitima mu 2023, moti tsopano makhonsolo onse alipo 65. Kulikonse kuli mbali ziwiri zimene anthu ambiri amazisokoneza. Conselho Municipal ndi pulezidenti wa khonsolo pamodzi ndi ma vereador amene iye amawasankha kuti aziyang'anira misika, misewu, ukhondo ndi chuma, ndipo iwowa ndi amene amalemba ndondomeko ya ntchito ndi bajeti ya chaka chamawa. Assembleia Municipal ndi bwalo la anthu amene tinawavotera, ndipo ntchito yawo ndi kukambirana zimene zalembedwazo, kuzivomereza kapena kuzibweza. Chiyambire 2018 timavotera mndandanda wa chipani kapena gulu, ndipo woyamba pamndandanda umene wapambana ndi amene amakhala pulezidenti. Izi zikutanthauza kuti pulezidenti ndi mamembala ambiri a bwalolo amachokera kumodzi, n'chifukwa chake ine ndimaona kuti maso a anthu wamba pa bajeti akufunika kwambiri tsopano kusiyana ndi kale.

Tsono ndalamazo zimachokera kuti? Lamulo nambala 1/2008 ndi limene limafotokoza za chuma cha makhonsolo. Gawo lina khonsolo imatolera yokha. Pali msonkho wa munthu aliyense wa zaka 18 mpaka 60, umene pamapepala umalembedwa IPA. Pali msonkho wa nyumba, IPRA, womwe ndi 0.4 peresenti ya mtengo wa nyumba yogonamo ndi 0.7 peresenti ya nyumba yochitiramo malonda. Palinso msonkho wa galimoto, wa pogulitsana nyumba, ndalama za malaisensi a mashopu ndi zigayo, za zilolezo zomangira, ndi senya yanu ija. Zonsezi zimalowa m'thumba limodzi la khonsolo. Apa ndi pamene amalonda ambiri amakhumudwa, poganiza kuti ndalama za pamsika ziyenera kukonza msika wokhawokha, pamene zoona zake n'zakuti senya ya kachewere wanu ikhoza kugula mafuta a thirakitala yotaya zinyalala kapena kulipira wosesa msewu wa bairo ina.

Gawo lina limachokera kuboma lalikulu ku Maputo, ndipo m'matauni ang'onoang'ono gawo limeneli ndi limene limakhala lalikulu. Thumba lotchedwa Fundo de Compensação Autárquica limapangidwa ndi 1.5 peresenti ya misonkho imene boma likuyembekeza kutolera m'chakacho, ndipo pogawira makhonsolo, 75 peresenti imatsata chiwerengero cha anthu, 25 peresenti kukula kwa dera. Taganizirani, mayi, kuti kachigawo kochepa chotere akugawana makhonsolo 65, mizinda ikuluikulu ngati Maputo, Matola, Beira ndi Nampula ili pomwepo. Kalembera womaliza wa anthu anachitika mu 2017, pamene mabairo athu akhala akukula chaka ndi chaka, anthu akuchoka kumidzi kudzamanga m'mphepete mwa tauni. Pali thumba linanso la ntchito zachitukuko, komanso ndalama za misewu zochokera ku Fundo de Estradas. Ndalama zochokera ku Maputo zikachedwa, khonsolo yaing'ono imayamba yalipira antchito ndi zimene yatolera pamsika, ndipo ntchito zina zonse zimaima.

Malipiro amenewa ndi amene amadya gawo lalikulu la bajeti ya tauni yaing'ono. Alembi, apolisi a khonsolo, otolera msonkho, osesa, oyendetsa galimoto, ndalama za mamembala a bwalo, magetsi, mafuta ndi mapepala, zonsezi ziyenera kulipidwa mwezi ndi mwezi ntchito yomanga isanaganiziridwe n'komwe. Sindikunena kuti zonse n'zosafunika, pakuti tauni yopanda osesa imanunkha pasanathe sabata. Koma funso loyamba limene munthu wowerenga bajeti ayenera kufunsa ndi lakuti, pa ndalama zonse, ndi zingati zikupita ku malipiro ndi kuyendetsa ofesi, ndipo ndi zingati zatsala za mijigo, makalavati, zimbudzi za pamsika ndi misewu. Manambala awiri amenewa amalembedwa padera m'bajeti iliyonse.

Muyeneranso kudziwa kuti si zonse zili m'tauni zimene zili m'manja mwa khonsolo. Msewu waukulu wa phula, monga N304 umene umadutsa ku Ulongué kupita kumalire a Calómuè, ndi wa bungwe la misewu la dziko lonse, ANE. Magetsi ndi a EDM. Koma misewu ya m'mabairo, ngalande zake, misika, zinyalala, manda ndi kagawidwe ka malo omangapo ndi za khonsolo ndithu, choncho dandaulo lanu munapita nalo pakhomo loyenera, kungoti nthawi yake inali itadutsa.

Tiyeni titsate kalavati imodzi kuti muone mmene nthawi imayendera. Msewu waduka mu Januwale chaka chino. Ngati pempho lanu lalembedwa ndi kufika kwa vereador woona za misewu nyengo yachilimwe isanathe, likhoza kulowa m'ndondomeko imene khonsolo imakonza m'theka lachiwiri la chaka, n'kukavomerezedwa ndi bwalo pamsonkhano womaliza. Chaka chamawa chikayamba, khonsolo iyenera kuitana makontilakitala kuti apikisane, chifukwa lamulo la kagulidwe ka boma sililola kungopatsa ntchito munthu amene mwamukonda. Mvula imakhala ikugwabe mpaka cha mu Epulo, choncho simenti imayamba kuthiridwa mu Meyi kapena Juni, ndalama zikakhala kuti zafika. Kunena kwina, pempho loyenda bwino lomwe limatenga chaka ndi theka, ndipo lochedwa ndi miyezi yochepa limadikira mvula ina yathunthu.

Nanga mawu anu alowa bwanji? Njira yoyamba ndi msonkhano wa kubairo, kudzera kwa sekeretale wa bairo ndi mafumu. Anthu ambiri sapita kumisonkhano imeneyi poganiza kuti ndi yandale, chonsecho ndi kumene mndandanda wa zosowa za bairo umayambira. Mukapita, musapemphe zinthu khumi. Gwirizanani ndi anzanu pa chinthu chimodzi, mutchule malo ake enieni, monga pamene msewu umawoloka khwawa pafupi ndi chigayo, mufotokozenso amene akuvutika, ana a sukulu, odwala, ngolo zobweretsa mbewu kumsika. Lembani kalata m'Chipwitikizi, anthu asainire, mupange makope awiri, ndipo popereka ku ofesi mupemphe kuti kope lanu alidinde ndi kulembapo tsiku. Kope lodindidwalo ndi limene mudzaonetse membala wa bwalo amene amakhala kufupi nanu, kuti akafunse za nkhaniyo pokambirana bajeti. Misonkhano ya bwalo ndi yapoyera, munthu aliyense akhoza kukakhala kumbuyo n'kumamvetsera, ndipo iwiri mwa iyo ndi yofunika kuposa ina: wovomereza bajeti kumapeto kwa chaka, ndi wounika mmene ndalama za chaka chatha zinagwiritsidwira ntchito. Lipoti la ndalamalo limapitanso ku Tribunal Administrativo, khoti loona ngati chuma cha boma chayenda motsata lamulo. Lamulo limanenanso kuti makope a bajeti yovomerezedwa azikhala kulikulu la khonsolo kuti aliyense awerenge, choncho kupempha kuiona si mwano ayi. Ku Dondo, m'chigawo cha Sofala, anayamba kale kufunsa anthu a m'mabairo pokonza ndondomeko ya khonsolo, ndipo palibe chimene chingaletse matauni athu kuchita chimodzimodzi.

Za senya ndikufuna ndikupempheni chinthu chimodzi. M'misika yambiri ndaonapo wotolera akufika m'mawa ndi kabuku kake, wogulitsa n'kumukankhira theka la ndalama m'manja, wotolerayo n'kudutsa osang'amba kapepala. Onse awiri amaona ngati apindula, koma ndalama imeneyo sifika m'thumba la khonsolo, ndipo polemba bajeti ya chaka chamawa akuluakulu amayang'ana zimene msika unabweretsa pamapepala, n'kuona ngati ndi msika waung'ono wosayenera shedi yatsopano kapena chimbudzi china. Landirani senya nthawi zonse, muone kuti ili ndi nambala ndi tsiku, muisunge m'kachikwama. Komiti ya msika wanu ikhoza kuwerenga ogulitsa amene amakhalapo pa tsiku wamba ndi pa tsiku la msika waukulu, n'kuchulukitsa ndi mtengo wa senya, kenako n'kuyerekeza ndi nambala ya ndalama za m'misika imene yalembedwa m'lipoti la khonsolo. Ngati manambalawo atalikirana kwambiri, lembani kalata yachiwiri kwa vereador woona za chuma, ndipo nayonso mupemphe kuti kope lake lidindidwe.