Mapointi 8 anandiluzitsa mbuzi ya mayi a kunyumba

Achimwene, mwati mukufuna kubetcha njinga yanu poti timu yanu yatsogola mu ligi, koma njingayo isiyeni pakhonde pomwe ilipo, chonde. Mapointi mukuti timu yanu yatsogola nawowo ine ndinawaonapo, anali 8, ndipo ndikulemba pano manja akunjenjemera.

Sizoni ya 2022/23 ija, mu ligi ya ku England, timu yanga Arsenal ili pamwamba. Chinandizunguza mutu ndi chigoli cha Reiss Nelson, mphindi ya 97, titachokera kumbuyo 2-0 n'kuwina Bournemouth 3-2. Tsiku limenelo ndinatuluka mu vidiyo sho nsapato imodzi ili m'manja. Pa 1 April titakwapula Leeds 4-1 tinali ndi mapointi 72, Manchester City 64, ndiye alamu anga anandiputa pamaso pa anthu kuti ngati ndine mwamuna tibetcherane za amene atenge ligi. Iwo anaika K60,000. Ine ndinaika mbuzi. Mbuzi yake ya bere, yoti mayi a kunyumba anagula ndi ndalama ya banki m'khonde, ine sindinasonkhepo ngakhale tambala. Zoti City yatsalira kusewera ndipo ili ndi gemu imodzi m'manja ndinkazidziwa. Zoti wotchinga kumbuyo wathu Saliba wavulala msana pa gemu ya Sporting ndipo kumbuyo kwatsala Holding ndinkazidziwanso. Koma munthu ukaledzera ndi tebulo sumva.

Kenako zija mukuzidziwa nonse. Ku Anfield kwa Liverpool, kutsogola 2-0 n'kukhala 2-2. West Ham 2-0, Saka kuphonya penate, 2-2. Southampton, timu yoti ili kumchira, kutithamangitsa pakhomo pathu mpaka 3-3.

Lachitatu pa 26 April ndi limene sindidzaiwala. Gemu yathu ndi City inkayamba 9 koloko usiku, ine ndinafika 7 kuti ndipeze benchi ya kutsogolo, nditavala jezi ya Ødegaard yoti ndinagula pa kaunjika. Magetsi anali atazima, jenereta ikutsokomola panja, mkatimo fungo la petulo ndi thukuta. Tisanakhazikike n'komwe, mphindi ya 7, De Bruyne wa City wagoletsa. Chigawo choyamba chikutha Stones anagoletsa ndi mutu, mbendera inakwera, ine ndinaimirira n'kukuwa kuti ofusayidi, Mulungu alipo. Oweruza a pa vidiyo aja, a VAR, anati chigoli. Ndinakhala pansi pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Alamu anali benchi ya kumbuyo kwanga, ndipo chigoli chilichonse ankandiyandikira kukhutu n'kulira kuti meee. Kanayi konse. Pomwe Haaland ankamasula tsitsi lija n'kumwetsa chachinayi, holo yonse inali ikulira ngati khola. Chigoli chathu chimodzi cha Holding chija sindinachione n'komwe, ndinali nditazolika.

Tsopano chimene chimandiwawa mpaka lero si 4-1. Tinagwirizana kuti ligi ikatha. Ligi ikatha! Mmawa wake 6 koloko, ine ndisanasukusule, alamu ali pakhomo ndi chingwe ndi mnyamata wa kabaza. Ndikuti alamu, tikadali pamwamba ndi mapointi awiri, iwo akuti City ili ndi magemu awiri m'manja, maliro awa osachedwetsa. Ndipo mbuzi ija inali itaswa ana awiri sabata yomweyo. Anatenga onse atatu, ati anabetchera mbuzi ndi zam'mimba zake. Munthu wake wa Man United kuyambira ali mwana, City anayamba kuikonda mwezi womwewo, ukamufunsa goloboyi wake amati "wa ma tattoo uja". Mlongo wake weniweni ataima pakhomo akulira, iye akumanga tiana ta mbuzi m'dengu. Mayi a kunyumba sanandiyankhule mpaka Forest itatimaliza 1-0 pa 20 May, ndipo mawu awo oyamba anali akuti, "Ndiye mwatenga chikho?" Nkhani inafika kwa ankhoswe. Tangoganizani bambo wa ana atatu kukhala pamphasa kufotokozera akuluakulu kuti Saliba ndi ndani.

Masiku 248 tili pamwamba, kuthera mapointi 84, City 89.

Ndiye musabetche katundu wa pakhomo, makamaka ndi wachibale. Mnzako wa ku bawo mutha kudana n'kusiyana, koma mlamu mukumana naye pa maliro aliwonse, ndipo wanga mpaka pano akandiona amayamba ndi meee asanapereke moni. Komabe ngati mtima wakana, ndipo ndikudziwa ukana, lembani papepala tsiku lotenga, pakhale mboni ziwiri, ndipo katunduyo asunge munthu wosaonera mpira. Muyang'anenso magemu a m'manja ndi amene wavulala kumbuyo, tebulo lokha limanama. Mukaona kuti otchinga kumbuyo anu onse ali bwino ndipo mapointi apitirira 10, apo ikani ndithu, mwina muonjezere ndi pampu yomwe. Ine sizoni yotsatira ndinabetcherananso ndi alamu omwewo nkhuku ziwiri, tinathera 89, City 91. Zinali zanga zimenezo, osati za mayi.