Kodi ndikongole ndalama kuti ndigule masheya?

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale ku Dedza. Akuti gulu lawo la banki m'khonde litagawana ndalama, iwo anapeza K400,000. Mnzawo wa kuntchito wakhala akuwauza kuti masheya akukwera mtengo tsiku ndi tsiku ndipo amene akuchedwa adzalira. Ndiye akufunsa kuti: "Ndiyambire pati? Nanga ndikatenge ngongole ya K600,000 kuti ikwane miliyoni? Mwana wanga alowa Fomu 1 chaka chamawa, ndikufuna fizi idzachokere pomwepo."

Mayi, zikomo polemba. Ndiyamba ndi funso lachiwirilo chifukwa ndi limene landisowetsa mtendere. Ngongoleyo musatenge, ndipo ndalama ya fizi musaiyike m'masheya.

Mnzanuyo sakunama. Zaka zapitazi masheya ambiri pa msika wathu wa masheya, Malawi Stock Exchange, akwera kwambiri, makamaka a mabanki. FDH Bank italowa pamsikawu mu 2020 inkagulitsa sheya imodzi pa K10, ndipo Airtel Malawi chaka chomwecho inayambira pa K12.69. Amene anagula nthawi imeneyo n'kusunga, lero akusimba lokoma. Komanso kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, anthu ambiri anaona kuti ndalama yongogona mu akaunti ikusungunuka ngati mchere m'madzi, n'kuthamangira ku masheya. Koma kukwera kwa dzulo anadyerera ndi amene anagula dzana. Inu mukagula lero mugula pa mtengo wa lero, ndipo palibe munthu, ngakhale broker amene (wogulira ndi kugulitsira anthu masheya), angakulonjezeni kuti pofika nthawi ya fizi mtengowo udzakhala uli pamwamba. Pamene chiwongoladzanja cha ngongole chimabwera mwezi uliwonse, masheya akwere kapena atsike.

Pali chinthu china chimene anthu okopa anzawo satchula. Msika wathu ndi waung'ono. Unayamba malonda a masheya mu 1996 ndi kampani imodzi yokha, NICO, ndipo mpaka pano makampani ake sanafike 20. Masheya ochuluka ali m'manja mwa mabungwe a penshoni ndi makampani akuluakulu amene sagulitsa wamba. Choncho pali masiku amene sheya ya kampani ina siigulidwa ngakhale imodzi. Ine izi ndinaziona ndi maso. Chaka china bambo anga anadwala, ndipo ndinalemba kalata kwa broker wanga kuti agulitse masheya anga a kampani ina. M'nyuzipepala mtengo unkaoneka wabwino ndithu. Koma ogula kunalibe. Ndinkaimba foni m'mawa uliwonse ndili pa benchi ya kuchipatala, yankho lake limodzimodzi: "Bwana, oda yanu ilipo, sitinapeze wogula." Patatha milungu itatu ndinavomera kutsitsa mtengo, ndipo ndalamayo inafika titakongola kale kwina. Sukulu nayonso siidzadikira kuti wogula apezeke.

Tsono K400,000 ija muigawe. Ya fizi ndi ya mwadzidzidzi ikhale pamene mungaitenge msanga, kaya ku SACCO, ku fixed deposit, kapena mu gulu lanu lomwelo ngati mumalidalira. Yotsalayo, ngakhale itakhala K100,000, ngati mungathe kuiiwala kwa zaka 5 kapena kuposerapo, imeneyo ndiye ya masheya. Musachite nayo manyazi kuti yachepa.

Kayambidwe kake n'kosavuta. Masheya sagulidwa kwa munthu wa pa WhatsApp, amagulidwa kudzera kwa broker wovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi, monga Stockbrokers Malawi, Continental Capital kapena Cedar Capital. Adzafuna chiphaso chanu cha unzika, akaunti ya kubanki ndi umboni wa kumene mumakhala, kenako adzakutsegulirani akaunti ya CSD, kumene masheya anu amalembedwa m'dzina lanu. Ndalama muzitumiza ku akaunti ya kampani ya broker, osati ya munthu. Mufunseniretu kuti amadula zingati pogula ndi pogulitsa, komanso za msonkho, chifukwa malamulo a msonkho amasinthasintha. Aliyense amene angakuuzeni kuti mumupatse ndalama ndipo azikupatsani phindu lokhazikika mwezi uliwonse "kuchokera ku masheya", mumuthawe. Masheya sagwira ntchito choncho.

Nanga mugule ati? Apa ndikhalitsapo pang'ono. Sindikutchulirani kampani yoti mugule, koma ndikuuzani mmene ine ndimaganizira. Kugula sheya n'kugula kachigawo ka bizinesi, ngati mmene mungalowere m'golosale ya mlamu wanu. Musanalowe mungafunse kuti imapanga phindu lanji, ili ndi ngongole zingati, ndipo eni ake amagawana zingati. Makampani a pamsikawu amakakamizidwa kusindikiza zotsatira zawo m'nyuzipepala kawiri pachaka. Muziwerenga mizere itatu yokha poyamba: phindu la chaka chino poyerekeza ndi la chaka chatha, phindu pa sheya imodzi, ndi dividendi, gawo la phindu limene agawira eni masheya. Mwachitsanzo, sheya ikamagulitsidwa K500 koma dividendi yake pachaka ndi K5, ndiye kuti pa K100 iliyonse mukulandira K1. Mitengo ya zinthu ikamakwera ndi pafupifupi 30 peresenti ngati mmene zinalili mu 2024, phindu lanu lonse likudalira kuti wina adzagule sheyayo pa mtengo wokwera kuposa wanu. Nthawi zina zimatheka chifukwa kampaniyo ikukuladi. Nthawi zina mtengo umangothamanga chifukwa aliyense akuthamangira pamodzi.

Ambiri amanyengeka ndi sheya yotchipa. Amati bola ya K20 kusiyana ndi ya K2,000 chifukwa apeza masheya ambiri. Kuchuluka kwa masheya sikutanthauza kanthu. Chofunika ndi phindu limene sheya iliyonse ikubweretsa poyerekeza ndi mtengo wake.

Musaike zonse m'mabanki okhaokha ngakhale ndi amene awala kwambiri. Mbali yaikulu ya phindu lawo yakhala ikuchokera ku kukongoza boma pa chiwongoladzanja chokwera, ndipo zimenezo zikasintha onse adzamva kuwawa nthawi imodzi. Pamsika pali Illovo ya shuga, TNM ndi Airtel a mafoni, Sunbird ya mahotela, MPICO ndi ICON a nyumba. Palinso NITL, kampani imene ntchito yake ndi kusunga masheya a makampani ena, choncho mukagula sheya yake mumakhala mwagwirako pang'ono m'malo angapo. Kwa munthu woyamba ndi ndalama yochepa, ndi bwino kuiyang'ana.

Mukadzagula, musamayang'ane mtengo tsiku lililonse, mudzangodwala nazo mutu. Dividendi ikalowa mu akaunti, ngati mungathe muiwonjezere pogula masheya ena, ndipo gulu likadzagawananso chaka chamawa muwonjezerenso pang'ono. Kalata yokuitanani ku msonkhano wa pachaka wa eni masheya ikadzabwera, ngati ulendo wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe ungatheke, mudzapiteko. Ngakhale muli ndi masheya 200 okha, muli ndi ufulu woimika dzanja n'kufunsa akuluakulu a kampaniyo chifukwa chimene dividendi yatsikira.

Mundilemberenso mukalankhula ndi broker, mundiuze zimene wakuuzani pa za ndalama zodula, tidzaziwerengere limodzi.